Ukapita ku Chirunga, Khutu Lako Lisakagulidwe

Iwe mng'ono wanga, amene dzina lako latuluka pakati pa osankhidwa kupita ku yunivesite ndipo ukukachita maphunziro a zandale, takhala pansi pang'ono. Ndikudziwa kuti kwathu kuno nkhaniyi yamveka kale pa Chitakale, yadutsa pa Mathambi mpaka yafika pa Limbuli. Amalume ayamba kukutchula phungu wa mawa. Amayi, amene zala zawo zidada ndi kuthyola tiyi m'maesiteti, sakutha kubisa chimwemwe chawo ngakhale kutchalitchi. Nanenso ndakondwa. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pali chinthu chimene palibe adzakuuze pa tsiku lolandira ophunzira atsopano.

Maphunziro ambiri amakhudza zinthu zimene sizingakulondole ukatuluka m'kalasi. Ako sali choncho. Anthu amene uzikawerenga za iwo ali moyo, ali ndi ndalama, ali ndi galimoto ndi anyamata awo, ndipo adzakhala ndi nambala yako ya foni usanamalize chaka choyamba. Adzakufuna usanadziwe kalikonse. Sadzabwera kudzafuna nzeru zako ayi. Adzafuna khutu lako ndi pakamwa pako. Zoterezi zidachitikapo ku Zomba komwe ukupitako, ndipo zidapweteketsa anthu ambiri amene sadalakwe kanthu.

Chaka cha 2011 chidayamba ndi mizere. Galimoto zinkagona pamalo omwetsera mafuta, ndalama zakunja zidasowa m'mabanki. Nthawi yomweyo kumpoto kwa Africa anthu adali m'misewu. Pa 14 Januwale mtsogoleri wa Tunisia, Zine El Abidine Ben Ali, adathawa m'dziko lake, ndipo pa 11 Febuluwale Hosni Mubarak wa ku Egypt adatula pansi udindo. Ku Chancellor College pa Chirunga, yomwe lero ndiyo University of Malawi, mphunzitsi wa zandale Dr. Blessings Chinsinga adachita zimene mphunzitsi wa phunziroli amalipiridwa. Adatenga zochitika kunjazo n'kuziyika pambali pa zathu, kusonyeza ophunzira kuti mavuto a zachuma onga kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja amatha kudzutsa anthu kuti aukire boma. Mawu amenewa adatuluka m'kalasi n'kukafika kwa mkulu wa apolisi m'dziko muno, a Peter Mukhito. Pa 12 Febuluwale a Chinsinga adaitanidwa kuti akafotokoze zimene adaphunzitsa.

Aphunzitsi anzawo, motsogozedwa ndi a Jessie Kabwila-Kapasula, adanyanyala ntchito. Adati sabwerera m'kalasi mpaka mkulu wa apolisiyo apepese ndiponso atsimikiziridwe kuti m'makalasi simukhala akazitape. Adali ndi pogwira, chifukwa gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa kuphunzira ndi kuphunzitsa mosaopsezedwa. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adalankhula poyera kuti mkulu wa apolisi sapepesa. Khonsolo ya yunivesite idalengeza kuti yachotsa ntchito aphunzitsi anayi, a Chinsinga, a Kabwila, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin. Nkhani idalowa m'makhothi, sukulu ya Polytechnic ku Blantyre idakhudzidwa nayo, utsi wokhetsa misozi udafuka pa Chirunga, sukulu idatsekedwa. Mu Okutobala pulezidenti adalamula kuti anayiwo abwerere pantchito, ndipo maphunziro adayambiranso mu Novembala. Miyezi yoposa 8 idapita m'madzi.

Ndani adaluza miyezi imeneyo? Nduna sizidaluze malipiro. Adaluza ndi mwana wonga iwe, amene makolo ake adagulitsa nandolo ndi mbuzi kuti apeze thiransipoti, kenako n'kumuona akutsika minibasi pa Nkando ndi chikwama chake pakati pa chaka. Adaluza ndi mtsikana amene adayenera kumaliza chaka chimenecho kuti ayambe kulipirira abale ake fizi. Ena mwa ophunzirawo ankachita masamu, zamalamulo kapena zauphunzitsi, ndipo sadalowepo n'kamodzi komwe m'kalasi la a Chinsinga.

Nkhaniyi ikamakambidwa, anthu amatchula akuluakulu: mkulu wa apolisi amene adaitana mphunzitsi, pulezidenti amene adaumitsa mutu, aphunzitsi amene adalimba mtima. Ndi zoona, mlandu waukulu uli pa amene adali ndi mphamvu. Koma ine ndikufuna uyang'ane pena, chifukwa iwe sudzakhala mkulu wa apolisi chaka chamawa. Udzakhala pampando m'kalasi. Mawu a mphunzitsi sadamere mapiko. Padali khutu limene lidawamva ndi pakamwa pamene padawanyamula kupita nawo kunja. Munthu ameneyo ndiye ali pa msinkhu wako, ndipo pamene iye adaterereka ndi pamene nawenso ungaterereke.

Kulakwa kwake koyamba kudali kosamvetsa phunziro lenilenilo. Dokotala akamafotokoza mmene kolera imafalira sakufalitsa kolera, akuphunzitsa anthu mmene angaipewere. Mphunzitsi wa zandale akamafotokoza zimene zimagwetsa maboma sakugwetsa boma. Kuyerekeza dziko lina ndi linzake ndiye msana wa maphunziro amenewa. Udzafunsidwa chifukwa chimene Botswana yakhalira yokhazikika pamene Zimbabwe idagwedezeka, chifukwa chimene Zambia idasiyira chipani chimodzi mu 1991 ife n'kutsatira mu 1993 ndi 1994, chifukwa chimene Mozambique, yomwe ili tsidya la Muloza pomwepa, idamenyerana nkhondo mpaka 1992. Udzawerenga Machiavelli amene adalemba mmene wolamulira amagwirira mpando, Hobbes amene adafunsa chifukwa chimene timamverera boma, Marx amene adalemba za kuukira. Ngati chiganizo chilichonse chokhudza kugwa kwa boma uzichimva ngati chiwembu, ndiye kuti mwezi uliwonse uzikhala ndi wina wokamunenera, ndipo pakutha pa zaka zinayi udzatuluka ndi pepala lopanda kanthu m'mutu.

Koma pali kulakwa kwina kozama, ndipo n'kumene ndikukuopera kwambiri. Munthu sanyamula mawu a m'kalasi ngati alibe kokawatula. Amene amachita zimenezi amakhala kuti adalowa m'kalasimo ali kale wa wina. Mphunzitsi akamalankhula, iye samadzifunsa kuti kodi izi n'zoona kapena ayi, umboni wake uli pati. Amadzifunsa kuti kodi abwana angamve bwanji atamva izi. Khutu lake limasefa mawu osati kuti aphunzire, koma kuti apeze chokanena. Wophunzira wotere amakhala atasiya sukulu ngakhale dzina lake likadali m'kaundula.

Mwina ukuti iwe sungachite zimenezo. Ukudziwa bwanji? Kodi ukuganiza kuti pamabwera munthu wovala magalasi akuda n'kukuuza kuti tikufuna ukhale kapirikoni wathu? Palibe amabwera choncho. Amabwera ndi nkhope yakwanu, akulankhula monga timalankhulira kwathu, akudziwa dzina la agogo ako ndi mfumu ya m'mudzi mwanu.

Udziwe bwino kumene ukuchokera. Mulanje si boma limene andale amalinyalanyaza. Lili ndi anthu ochuluka, mavoti ake ndi ambiri, ndipo kuyambira 2009 lakhala likuvotera kwambiri chipani cha DPP pampando wa pulezidenti. Pa Chonde pomwepa ndiye likulu la Mulhako wa Alhomwe, umene Bingu adauyambitsa mu 2007, ndipo chaka ndi chaka mu Okutobala akuluakulu a dziko amasonkhanapo. Kuvina tchopa ndi kudya kalongonda si tchimo, ndi chikhalidwe chathu ndipo ndimachinyadira. Vuto limabwera pamene wina atenga chikondi chako pa anthu akwanu n'kuchisandutsa chingwe chokumangira. Adzakuuza kuti ku Zomba aphunzitsi amadana nafe, iwe ndiwe diso lathu. A zipani zina nawonso adzakufuna pa chifukwa chomwecho, kuti akhale ndi mwana wa ku Mulanje womuonetsa pamsonkhano. Usaganize kuti khalidweli n'la chipani chimodzi. M'nthawi ya Kamuzu makutu adali ponseponse pa Chirunga, ndipo mu 1987 mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, Jack Mapanje, adatengedwa mu Zomba momwemo n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. UDF idali ndi anyamata ake, DPP idali ndi makadeti ake. Nsalu zimasintha mtundu, koma aliyense wofuna mpando amafuna makutu pakati pa ophunzira.

Zimayamba chonchi. Uli pa holide, wina amene amayenda ndi olemekezeka akukupeza pamaliro kapena pampira. Akuti tamva kuti uli ku Chanco, watinyaditsa mwana wathu, tipatse nambala. Patapita milungu iwiri foni ikulira, yalowa kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, akuti ya sopo. Sakupempha kanthu. Iwe ukuchita lendi ku Chikanda, kunja kwa sukulu, lendi yakwana, ngongole ya ophunzira yachedwa, wadya kamodzi tsiku lonse. Ukuthokoza Mulungu. Mwezi wotsatira yalowanso, akuti ya bandulo. Apa ndiye pofunika kudzifunsa: munthu amene sadakulipirire fizi uli fomu 2 pasukulu yoyendera, pamene unkavutika zedi, walowa bwanji chifundo lero? Chasintha n'chiyani pa iwe kupatula kuti tsopano ukukhala pamalo pamene iye akufuna kumva zimene zikunenedwa?

Kenako mafunso amayamba, ndipo amakhala opepuka ngati macheza. Anzako akuti bwanji za kukwera mtengo kwa zinthu? Mphunzitsi uja amalemba m'nyuzipepala, m'kalasi amatinenanso? Zionetsero zimene tikumva, akutsogolera ndani? Ukayankha kamodzi, wawoloka mtsinje osadziwa. Funso lotsatira lidzafuna dzina. Pambuyo pake adzati chisankho cha atsogoleri a ophunzira chayandikira, tikufuna wathu apambane, tenga izi ukagawire anzako. Adzati tsegula tsamba pa Facebook ndi dzina lina, uzimuyankha uje akatinyoza. Tsiku limene udzati izi sindingathe, liwu lija laulemu lidzasintha. Adzakukumbutsa ndalama iliyonse, ndi tsiku lake, chifukwa iwo amasunga mauthenga.

Chizindikiro chachikulu ndi chinsinsi. Thandizo loona silibisidwa. Mpingo ukakulipirira fizi amalengeza, bungwe likakupatsa thandizo mumasainirana pepala lonena zimene akufuna kwa iwe. Koma wina akakuuza kuti izi zikhale pakati pa iwe ndi ine, usauze ngakhale amayi ako, dziwa kuti chimene akugula si chinthu choti chingaonekere padzuwa. Chizindikiro china uchipeza mwa iwe mwini. Ukadzaona kuti m'kalasi wayamba kuopa kufunsa funso limene lingakhumudwitse amene amakutumizira ndalama, kapena kuti ukulemba mayeso uku ukusankha mfundo zokomera mbali imodzi, dziwa kuti chingwe chafika kale m'khosi.

Ndipo masiku ano kunyamula mawu kwaphweka moopsa. Mu 2011 pankafunika munthu woti ayende kapena aimbe foni. Lero ndi chala chimodzi. Ukujambula mawu a mphunzitsi ndi foni ili m'thumba, ukudula masekondi makumi atatu pa phunziro la maola awiri, ukuponya pa gulu la WhatsApp la anthu akumudzi, mwina pongofuna kuti aone kuti uli pakati pa zinthu. Pofika madzulo kachidutswako kafika ku Lilongwe kopanda mutu ndi mchira. Chimodzimodzi ndi zimene mnzako walemba pa gulu la kalasi atakwiya. Kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo la zochitika pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi mauthenga a pa WhatsApp. Ukatumiza chithunzi cha mawu a mnzako kwa munthu wandale, ukudziwa kumene chikathere? Ungadzapirire kumuona akukwezedwa galimoto ya apolisi, iwe ukudziwa kuti chidachoka m'foni mwako?

Pali ena amene amati ine ndine wochenjera, ndidya ndalama zawo koma mtima wanga sadzaugula, ndidzadya uku ndi uku. Amenewa ndiwo amandidetsa nkhawa koposa, chifukwa kawirikawiri amakhala ana anzeru ndi olimba mtima, ofanana ndi iwe. Chaka chomwecho cha 2011 chili ndi nkhani yawo.

Pa 20 Julaye anthu adachita zionetsero m'mizinda, ndipo anthu 20 adafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Mabungwe adakonza zoti abwererenso m'misewu pa 17 Ogasiti. Robert Chasowa adali wophunzira wa zauinjiniya ku Polytechnic, wa zaka 25, ndipo adali m'gulu la achinyamata lotchedwa Youth for Freedom and Democracy. M'mawa wa pa 24 Sepitembala mtembo wake udapezeka pasukulupo. Apolisi adati wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba. Dokotala amene adapima mtembowo, Charles Dzamalala, adapeza kuti mabala a m'mutu adali a munthu womenyedwa. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda adakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza Andrew Nyirenda, ndipo lipoti lake lidati Chasowa adachita kuphedwa. Lipotilo lidafotokozanso kuti iye ndi anzake adalowa m'mgwirizano ndi akuluakulu a polisi woti athandize kulepheretsa zionetsero za mu Ogasiti, kuti pambuyo pake padabuka mkangano pa ndalama zimene anyamatawo ankati adalonjezedwa, ndipo kuti gulu lake linkafalitsa zikalata zodzudzula boma.

Ndimve bwino. Mlandu wa imfa imeneyi uli pa amene adamupha ndi amene adawatuma, osati pa mnyamatayo. Palibe cholakwa chimene wophunzira angachite choyenera kulipidwa ndi moyo wake. Koma ndikadakhala mchimwene wake ndikadamugwira dzanja pa tsiku loyamba lija, asadakwere galimoto yopita kukakumana ndi akuluakuluwo. Mgwirizano wa mseri pakati pa mwana wasukulu ndi anthu okhala ndi mfuti ulibe pepala, ulibe mboni, ulibe khothi lokadandaulako. Akakana kukulipira ukawasumira kuti? Ukawaopseza kuti uulula, wasanduka chiopsezo kwa anthu amene ali ndi njira zambiri zochotsera chiopsezo. Pa nthawi imeneyo anzako a mbali inayo sakukukhulupiriranso, chifukwa amva kuti unkadya ndi adani awo. Umatsala wekha pakati, ndipo usiku ukagwa palibe amadziwa kumene uli.

Tsopano taona kumene akuluakulu a m'nkhani ya 2011 adathera. Bingu adamwalira mu Epulo 2012, ndipo patangopita masiku ochepa a Mukhito adachotsedwa paudindo. Mu 2014 adabwerera, n'kukagwira ntchito kunyumba ya boma. Chaka chomwecho a Kabwila adasankhidwa kukhala phungu ku Salima. A Chinsinga adakhala nduna ya maboma ang'onoang'ono mu 2022. Onsewa, a mbali iyi ndi a mbali inayo, moyo wawo udapitirira. Chasowa ali m'manda.

Ngakhale kwathu konkuno phunziroli lilipo kwa amene ali ndi maso. A Brown Mpinganjira adali nduna yamphamvu mu UDF, adayambitsa NDA mu 2001, adapikisana nawo pampando wa pulezidenti mu 2004, mu 2009 adaima ngati wachiwiri kwa a John Tembo a MCP, kenako adakhala nduna m'boma la a Joyce Banda. A Kondwani Nankhumwa adakhala mtsogoleri wa mbali yotsutsa boma m'nyumba ya malamulo mu 2020, adachotsedwa mu DPP mu 2024 n'kuyambitsa chipani chawo. Sindikuwanena zoipa, ndale zimayenda choncho ndipo ndi ufulu wawo. Ndikungofuna uone kuti wamkulu amatha kusamuka n'kulandiridwa ndi nyimbo kumene wapita, chifukwa amabwera ndi mavoti. Nanga mnyamata amene adatukwana anthu pa Facebook m'dzina lake, amene adapereka maina a anzake, amasamukira kuti? Abwana ake akagwirana chanza ndi amene ankawatukwana dzulo, iye amatsala ndi mbiri yake, ndipo Malawi ndi dziko laling'ono. Amene udzamupereke lero ndi amene adzakhale pampando wokufunsa mafunso ukadzafuna ntchito.

Pa nkhani ya ntchitoyi, ndikufuna ndichotse bodza limene amalume akukunamiza nalo mosadziwa. Digiri ya zandale si chiphaso cholowera kunyumba ya malamulo. Malamulo amangofuna kuti phungu akhale nzika ya zaka 21 kapena kuposa, yolembetsa m'kaundula wa voti, yotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Amalonda ambiri adapambana zisankho popanda kuponda pa yunivesite. Amene amamaliza maphunziro ako amakagwira ntchito m'maunduna, m'makhonsolo, kunyumba ya malamulo ngati alembi ndi ofufuza, ku bungwe loyendetsa zisankho, ku NICE, m'mabungwe omwe si aboma, m'manyuzipepala, kapena m'kafukufuku wonga amene amachita a Centre for Social Research ndi a Afrobarometer. Malo ndi ochepa, omaliza sukulu ndi ambiri, ena amakhala zaka akuyenda ndi envulopu. Ndipo pafupifupi ntchito zonsezi zimagula chinthu chimodzi, choti anthu a mbali zonse akhulupirire zimene wanena. Wofufuza amene mudzi wonse ukumudziwa kuti ndi kadeti sangafunse mayi kuti adzavotera ndani n'kuyankhidwa zoona. Ukagulitsa khutu lako m'chaka choyamba, wagulitsa katundu yekhayo amene digiriyo ikadakupatsa.

Chimandiwawa n'chakuti Mulanje ikufunikira kwambiri mwana wophunzira zandale moona. Tiyi adayamba kulimidwa kuno m'zaka za m'ma 1890, makolo athu ambiri adawoloka kuchokera ku Mozambique n'kugwira thangata, ndipo mpaka lero nthaka yabwino ili m'maesiteti pamene mabanja akugawana timinda tosakwana n'komwe kudyetsa nyumba imodzi. Mu 2016 Vincent Wandale ndi gulu lake adakopa anthu ambiri ku Thyolo ndi Mulanje pa nkhani yomweyi ya malo. Ndani mwa ana athu adakhala pansi n'kuwerenga malamulo a zamalo kuti afotokozere mafumu ndi anthu awo zimene angathe ndi zimene sangathe? Dziko lino lidakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ngakhale lamulo la 1998 lidati mphamvu zipite kwa anthu. Zimenezo zidasiya chiyani m'khonsolo yathu? Ndalama za thumba la chitukuko cha m'madera la CDF zimayenda bwanji kuchoka ku Lilongwe mpaka pa mlatho wa m'mudzi mwanu? Namondwe wa Freddy atagumula midzi m'tsinde mwa phiri mu Malichi 2023, ndani ankalemba maina a olandira thandizo, ndipo ankawasankha motani? Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, nanga n'chifukwa chiyani anthu amayembekezerabe kulandira pamsonkhano uliwonse? Mafunso amenewa ndiwo maphunziro ako. Kuyambira 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma likugwira ntchito, ndipo ungaligwiritse ntchito ukadali wophunzira. Koma sungafunse za CDF ngati lendi yako ikulipiridwa ndi amene akuyendetsa thumbalo.

Sindikukuletsa ndale. Mu Malichi 1992 ophunzira a pa Chirunga adatuluka poyera kuchirikiza kalata ya maepiskopi a Katolika, pa nthawi imene kutero kudali kuika moyo pachiswe, ndipo ufulu umene uli nawo lero uli ndi thukuta lawo. Ngati wawerenga mfundo za chipani n'kuzikonda, lowa masana, dzina lako lidziwike, ukatsutsane ndi anzako maso ndi maso. Mphunzitsi akanena zimene ukuona kuti n'zokondera, kweza dzanja m'kalasi momwemo, mufunse umboni, mulembere nkhani yomutsutsa. Aphunzitsi si angelo, ena ali ndi zipani zawo, ndipo yunivesite ili ndi njira zodandaulira kwa mkulu wa dipatimenti. Zonsezi zimachitika dzuwa likuwala, ndipo munthu amene ukumutsutsa amadziwa kuti ndiwe. Chimene ndikukuletsa ndi kumwetulira munthu m'kalasi kenako n'kukamutula kumene iye sangadziyankhire.

Njala ndi yeniyeni, sindikuichepetsa. Idzakupeza pakati pa semesita, ndipo nzeru zonsezi zidzaoneka zopepuka poyerekeza ndi uthenga wa ndalama yolowa m'foni. Uikonzekere isanafike. Lemba fomu ya ngongole ya ophunzira nthawi yake isanathe, ndi zikalata zonse zimene akufuna. Dziwa ofesi yoona za umoyo wa ophunzira sabata yoyamba, osati tsiku limene watha ufa. Phunzira kuwerengera ziwerengero pa kompyuta ndi kulemba lipoti lomveka, chifukwa ofufuza amalemba ganyu ophunzira odziwa zimenezi. Phunzirako Chipwitikizi, poti Milange ili pakhomo pathu ndipo odziwa chilankhulochi ndi ochepa m'maofesi. Ganyu wophunzitsa ana a fomu 4 pa holide ndalama yake ndi yochepa, koma sadzakuimbira usiku kukufunsa dzina la mnzako.

Ndipo ngati ukuwerenga izi utalandira kale, usachite manyazi mpaka kumira. Leka kuyankha mafunso okhudza anthu ena kuyambira lero, ngakhale aoneke opepuka. Uza munthu wamkulu mmodzi amene umamukhulupirira, kholo, m'busa kapena mphunzitsi, zonse monga zidayendera, ndi maina ndi masiku ake. Usafufute mauthenga, ndipo wina akusungireko. Ukafuna kusiya, nena mwaulemu kuti sukulu yakuchulukira, osakangana, osaopseza kuti uulula, osapita kukalonjerera ndalama imene adakulonjeza, imeneyo ingoisiya. Akakuitana kuti mukakambirane, usapite wekha, usakwere galimoto imene akutumizira, ndipo usavomere kukumana dzuwa litalowa. Kulikonse kumene ukupita masiku amenewo, mnzako wogona naye chipinda adziwe kumene uli ndi nthawi imene ubwere.